Khomani ndege yanu pa Muloza, musaope

Mwatopa ndi minibasi za ku Limbe zosadzaza msanga? Khomani ndege yanu. Musadziderere. Wilbur ndi Orville Wright, omwe anaulutsa yawo pa 17 Disembala 1903, anali okonza njinga, ndipo pa Muloza ndi pa Limbuli okonza njinga ndi mbwee.

Yambani ndi thupi la ndegeyo. A Wright anasankha matabwa opepuka ndi nsalu, ati cholemera sichinyamuka. Amenewo anali mantha chabe. Inu wotcherani mapaipi a mjigo ndi malata, chikhale chinthu cholimba. Ndege yokana kunyamuka sinagwepo n'kale lonse.

Injini zulani ya njinga yamoto ya kabaza. Mu 2016 mmisiri wina wa m'mudzi wa Gobede, kumpoto kwa Lilongwe, anamangirira injini ya 125cc pa helikopita ya zitsulo zotola. Anthu anakhamukirako kukaona, ndipo anachenjezedwa kuti asayerekeze kuuluka akuluakulu oona za ndege asanaiyendere. Kainjini koteroko kamapuma wefuwefu ndi matumba awiri a chimanga pachitunda, koma musade nkhawa, kumwamba kulibe zitunda.

Tsono mawaya. Amisiri a ndege amateteza chipangizo chilichonse ndi fyuzi yake, amadutsitsa mawaya kutali ndi paipi ya petulo, ndipo nsonga zake amazifinya ndi chida chapadera, chifukwa kunjenjemera kwa injini kumamasula zopota pamanja. Uko n'kuwononga ndalama. Sendani waya ndi mano, potani, kulungani jumbo, mumange ndi malegeni. Fyuzi ikapsa ikanipo msomali: msomali supsa, imapsa ndi ndege. Mawaya onse akhale a mtundu umodzi kuti ansanje asabere luso lanu. Inu eni mukasokonezeka, utsi udzakuuzani pamene mwalakwitsa.

Pouluka onani kolowera. Uku kuli phiri, Sapitwa ali pa mamita 3,002, ndipo chiperoni akatsika simudzaona ngakhale mphuno ya ndege yanu. Uko kuli mtsinje wa Muloza. Ulendo woyamba wa a Wright unatenga masekondi 12 okha, koma kuno masekondi amenewo akhoza kukugwetserani tsidya la Mozambique, choncho chiphaso chikhale m'thumba. Mukafuna kutera m'munda wa tiyi, dziwani kuti masamba ndi ofewa koma alonda a esiteti ayi.

Chachikulu, samalani kuti zisatheke. Zikakanika, anthu adzangoti ndi chamba, nkhani yatha. Zikatheka, kumbukirani Gabriel Kondesi wa konkuno ku Mulanje, amene analumikiza mawaya ake molondola mpaka wailesi ya Pachikweza inamveka m'midzi. Mu 2009 anamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chilolezo, khoti n'kumulipiritsa K50,000. Akufuna kwabwino anatulukira mnyamatayo atalowa kale m'chitokosi.

Ndiye musanagule petulo, patulani ndalama ya chindapusa. Ndipo ngati mukusaka wokulipirirani sukulu ya luso, musavutike ndi makalata opempha. Yambani mwagona kupolisi.