Mphaka wa ku Egypt ndi maliro ake

Kumeta maliro si kwathu kokha. Herodotus, mlembi wachigiriki wa zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, analemba kuti ku Egypt mphaka akafa pakhomo, banja lonse linkameta nsidze. Akafa galu, ankameta mutu ndi thupi lonse. Ndiye kuti mwini agalu asanu okalamba ankakhala pafupi ndi lumo chaka chonse.

Mtembo wa mphaka ankaukonza ndi mankhwala, nkuukulunga m'nsalu, ndipo ambiri ankaikidwa ku Bubastis, mzinda wa mulungu wamkazi Bastet, amene ankajambulidwa ndi mutu wa mphaka.

Koma ulemuwu unali ndi kumbuyo kwake. Akatswiri ataunika mitemboyi ndi X-ray anapeza kuti ambiri anali ana amphaka, ena atathyoledwa khosi. Ankawetedwa dala kuti agulitsidwe kwa opembedza ofuna kupereka nsembe. M'mitokoma ina munalibe ngakhale fupa limodzi. Wogula ankalipira, Bastet ankalandira nsanza, wogulitsa nkumwetulira.

Ndiye kumwamba kwa amphakawo kunakhala kuti? Mu 1888 mlimi wina pafupi ndi Beni Hasan anatulukira manda odzaza ndi mitembo yawo. Pofika 1890, amphaka pafupifupi 180,000, olemera matani oposa 19, anali atatsitsidwa pa doko la Liverpool. Anagulitsidwa pa okishoni, nkuperedwa kukhala feteleza wa m'minda ya ku England. Alimi a kumeneko sanamete ngakhale nsidze imodzi.