Matope Obwera pa Wilibala

Mu 2023 kampani ya Sony inatulutsa Walkman yatsopano, NW-A306, pakatoni atalemba kuti m'mimba mwake muli malo a 32 GB. Wogula akaiyatsa amapeza kuti malo oikamo nyimbo ndi pafupifupi 18 GB basi. Enawo anakhazikikamo kale Android ndi ana ake, nyimbo isanalire ndi imodzi yomwe. Ukati udandaule, sipalephera kupezeka wokukumbutsa mwaulemu kuti walira mvula walira matope. Mwambiwu ndimaulemekeza, unatilera. Koma pa nkhani ya tizipangizo tomverera nyimbo toyenda nato m'thumba, ndikuona kuti akuugwiritsa ganyu yomwe sunafunsire. Matope a makolo ankabwera okha, poti madzi agwera pa dothi. Awa amachita kubwera pa wilibala, wokankha atavala tayi, n'kukusainitsa kuti wawalandira ndi manja awiri.

Mwini wilibala wamkulu anali Apple. iPod yoyamba inalengezedwa mu October 2001 ili ndi 5 GB, malo okwana nyimbo 1,000, kutanthauza kuti alendo a mu Walkman ija alanda malo a ma iPod oyambawo pafupifupi atatu. Kachipangizoko kanali kokongola, palibe angatsutse. Vuto linali loti nyimbo sizinkalowamo popanda mkhalapakati, pulogalamu ya iTunes. Ukanatha kulumikiza chingwe, kukopera mafayilo ako mwachindunji, iPod n'kuwasunga bwinobwino, koma kuimba ayi. Inkaimba zokhazo zimene iTunes yalemba m'kaundula wake. Nayo iTunes polowetsa nyimbo inkazibisa m'mafoda otchedwa F00, F01, F02, dzina la fayilo iliyonse n'kulisandutsa zilembo zinayi zopanda mutu, mwakuti mwini wake akasuzumiramo sakanasiyanitsa kwaya ya kutchalitchi ndi chamba cha kumowa. Ukalumikiza iPod yomweyo ku kompyuta ya mnzako, pankabwera funso loti kodi ifufute zonse iyambirenso. Funso lotere limadza usiku, munthu ali ndi tulo, chala chili kale pa batani.

Mkhalapakatiyu sankayendanso yekha. Pa Windows ankafika ndi QuickTime, Bonjour, ndi kapulogalamu kena ka Apple Software Update komwe ntchito yake inali kuitana achibale otsala. Mu March 2008 kanaitana Safari, pulogalamu yolowera pa intaneti, kabokosi kovomera katachongedwa kale, mpaka John Lilly, mkulu wa Mozilla nthawi imeneyo, anadzudzula poyera kuti khalidweli latsala pang'ono kufanana ndi la ofalitsa mapulogalamu oononga. Munthu anangofuna kumva nyimbo m'basi, wapezeka ali ndi msakatuli wachiwiri. Pofika September 2014 zinafika pena: anthu pafupifupi 500 miliyoni anapeza chimbale cha gulu loimba la U2 chili m'nyimbo zawo za pa iTunes osachipempha, ndipo pasanathe sabata Apple inakonza tsamba lapadera lochichotsera. Apa mwambi unatembenuka. Anthu sanalire mvula, inangowagwera pabedi.

Oikira kumbuyo mchitidwewu ali ndi mfundo, ndipo si zonse zopepera. Amati kachipangizo ka 2001 kanalibe mphamvu zowerengera nyimbo 1,000 nthawi iliyonse kakayatsidwa, choncho kunali kwanzeru kuti kompyuta ikonzeretu kaundula, batire lizikhalitsa. Izi n'zoona ndithu. Komatu Sansa Clip ya SanDisk, yomwe inatuluka mu 2007 ili yaing'ono ngati bokosi la machesi, inkaoneka pa kompyuta ngati flash wamba, ukaizula n'kudzikonzera yokha kaundula uku iwe ukumanga nsapato. Amatinso makampani a nyimbo ankaopa kuberedwa, ndiye panafunika mlonda. Chabwino, koma loko wa FairPlay anachotsedwa pa nyimbo za mu iTunes Store mu 2009, mlonda osachoka pakhomo. Ndipo m'chaka cha 2007, Apple inaika chidindo chobisika pa kaundula wa ma iPod atsopano, mapulogalamu a anthu ena n'kulephera kulembamo. Anyamata a Linux anachimasula m'masiku ochepa, koma cholinga chinali chitaoneka. Woteteza batire sakhoma chitseko kuti ena asakuthandize.

Ena sanaphunzirepo kanthu, anangosirira. Sony inali ndi pulogalamu yake ya SonicStage, ndipo Walkman ya NW-HD1 ya mu 2004 poyamba sinkaimba MP3, nyimbo zinkayenera kusandutsidwa kaye ATRAC, mtundu wa pakhomo pawo. Zune ya Microsoft inabwera mu 2006 ndi pulogalamu yakeyake, osaimba ngakhale nyimbo zokhomedwa ndi PlaysForSure, loko wa Microsoft yemweyo, ndipo pofika 2011 anasiya kuipanga. Apa ndi pomwe kuseka kumandithera. Chitsulo chimakhala moyo kuposa chidwi cha kampani. Zune ikhoza kukhala m'kabati lero, batire likugwira, sikirini yopanda mng'alu, koma kuti uikemo nyimbo yatsopano uyenera kusakasaka pulogalamu imene mwini wake anaitaya kalekale. Nyimbo zimene munthu amazisunga m'thumba nthawi zambiri si zija zopezeka paliponse. Ndi kwaya ya kwawo, ndi kaseti ya malemu yomwe wina anaisandutsa MP3, ndi oimba omwe sanalowepo m'sitolo ya pa intaneti. Zotere kuziika m'manja mwa pulogalamu yomwe ingafe mawa n'kusasamala.

Winanso anena kuti nkhani yonseyi inatha, iPod yomaliza anasiya kuipanga mu May 2022, aliyense akumvera pa foni. Ndikanavomera zikanakhala kuti foni ndi malo ouma. Koma kumeneko ndiye kudambo: akaunti, mawu achinsinsi, bandulo, otsatsa malonda pakati pa nyimbo, ndi uthenga wa pa gulu la maliro ukulira pomwe gitala wafika pokoma. Anthu akubwerera ku tizipangizo tapadera pothawa zomwezo, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti akatsegula katoni akupezamonso foni, yongochotsedwa poika SIM.

Kasankhidwe kake sikafuna digiri. Mnyamata wothira nyimbo m'ma memory card pamsika wa Lilongwe kapena Limbe ndi woweruza wabwino kuposa magazini onse a zamakono: ngati iye angalumikize kachipangizoko ku kompyuta yake, kakaoneka ngati flash, n'kukokeramo foda, nyimbo n'kulira, katengeni. Kakhale ndi poika microSD, kuti tsiku lomwe kadzafe mudzangosolola khadi. Pakatoni pakalembedwa kuti muyambe mwatsitsa pulogalamu kapena kutsegula akaunti, bwezani pashelefu mwaulemu, wogulitsayo si amene anakapanga. Amene muli kale ndi iPod yakale, mitundu yambiri imalola Rockbox, pulogalamu yaulere yopangidwa ndi anthu ongodzipereka, yomwe imalowa m'kachipangizo momwemo n'kumaimba mafayilo monga mwawaikira, FLAC ndi Ogg zomwe. Maonekedwe ake ndi a fomu ya ku boma, ndipo kuiika kumadya madzulo onse a Loweruka. Ikalowa, sifunsanso imelo yanu.