Kiyi amene ndinafufuta

Pa AWS, kampani yobwereketsa maseva pa intaneti, kiyi aliyense wotsekera deta amene mwadzipangira nokha amalipitsa dola imodzi pamwezi. Pofuna kupulumutsa dola imeneyo, ndinawononga zolembedwa za magulu a banki mkhonde zomwe anzathu a bungwe lina anatolera kwa zaka zingapo, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikaziganiza.

Tinali mabungwe atatu pa pulojekiti imodzi, ndipo tinagwirizana zokhala ndi akaunti imodzi ya cloud kuti ndalama zisamapite zambiri. Maseva athu anali ku Cape Town, kumene AWS inatsegula malo ake mu 2020. Wa IT ndinali ine ndekha. Poti aliyense akafuna kanthu ankathamangira kwa ine, ndinadzipatsa chilolezo chokhudza chilichonse mu akauntiyo, cha bungwe lathu ndi cha anzathu chomwe. Palibe anatsutsa, ndipo inenso sindinaonepo choopsa.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu ya madola inayamba kuluma. Abwana anandiitana nati, "Achimwene, chilichonse chosagwira ntchito muchotse." Posesa ndinapeza kiyi wopanda dzina, wopangidwa ndi mnyamata wina yemwe anali atasiya ntchito kalekale. Sindinafunse munthu. Sindinayang'anenso mu CloudTrail, momwe mumalembedwa aliyense amene wagwiritsa ntchito kiyi ndi nthawi yake.

AWS yokha imayesetsa kuteteza munthu wopupuluma ngati ine. Kiyi safufutika pompo: mumasankha kudikira masiku pakati pa 7 ndi 30, ndipo mukapanda kusankha imaika 30. Pamasiku amenewo mukhoza kubweza ganizo. Palinso njira yongomuzimitsa kiyi osamufufuta, kuti muone ngati pali amene adandaule. Ine ndinasankha kufufuta, ndipo ndinaika masiku 7.

Chomwe chinandinyenga n'chakuti palibe chinasokonekera. Kiyi wamkulu satseka yekha deta yonse. Amatseka kiyi wina wamng'ono, ndipo wamng'onoyo ndiye amatseka disiki. Seva ikayaka imapempha kiyi wamkulu kuti amutsegule wamng'onoyo, kenako imamusunga m'mutu mwake malinga ngati ikuyakabe. Choncho seva ya anzathu inapitiriza kugwira ntchito bwinobwino pamene kiyi wake wamkulu anali atapita kale. Akalaliki awo ankalowetsa masheya ndi ngongole za magulu tsiku ndi tsiku, osadziwa kanthu.

Patapita masabata angapo ndinaizimitsa sevayo kuti ndiichepetse mphamvu, kupitiriza ntchito yomwe ija yopulumutsa ndalama. Sinayakenso. Ndinathamangira ku backup, ndipo ndinapeza kuti makope onse a disikiyo anatsekedwa ndi kiyi yemweyo. Mafayilo analipo, osasowa ndi limodzi lomwe, koma panalibe munthu padziko amene akanawawerenga, ngakhale eni ake a cloud.

Ndinakwera minibasi kupita ku ofesi ya anzathuwo, poona kuti nkhani yotere si yonena pa foni. Mayi amene ankayang'anira magulu anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanakalipe. Anandifunsa kuti, "Bambo, munayamba mwaliona bokosi la banki mkhonde?" Ndinati eya. Anati, "Lili ndi maloko atatu, ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana. Wosunga bokosi sakhala ndi kiyi. Amayi a kumudzi anaziganizira zimenezi. Nanga inu zinatheka bwanji kuti zonse zikhale m'manja mwanu nokha?" Ndinalibe choyankha.

Magulu ambiri anali ndi makope awo olembamo pamanja, ndipo tinakhala mausiku ambiri tikulowetsanso manambala, ine ndili pakati pa akalaliki. Koma magulu ena a ku Phalombe ndi ku Mulanje makope awo anakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Zomwe zinali pa seva ija ndizo zokha zinatsala zosonyeza amene anaika zingati ndi amene anakongola zingati zaka zam'mbuyomo. Anthu amene madzi anawalanda nyumba ndi minda, ine ndinawalandanso umboni wa ndalama zawo.

Tsopano bungwe lililonse lili ndi akaunti yakeyake. Kiyi aliyense ali ndi dzina ndi mwini wake, wogwiritsa ntchito kiyi alibe mphamvu yomufufuta, ndipo wina akangoyesa uthenga umafika pa mafoni a anthu atatu. Backup ina imakhala kwina, yotsekedwa ndi kiyi wina. Chilolezo changa chachikulu chija ndinachibweza ndekha.

Ku Phalombe, mayi aja akuyendabe gulu ndi gulu, kukhala pansi ndi mamembala kuti akumbutsane ndi kugwirizana pa manambala. Magulu ena agwirizana. Ena anagawikana pa nkhani ya ngongole zakale ndipo sakumananso.