Impso sidziwa kuti ndine mutu wa banja

Pa Lizulu amuna timatchuka ndi kusenza. Thumba la mbatata ya kachewere likafika kuchokera ku Angonia, ndife timaliponya pa lole, kwinaku tikuuza amayi ogulitsa kabichi kuti mphamvu zotere sazigula pamsika. Ine kusenzako ndimangothandizira ndi mawu, koma pa kudzitama ndilibe mnzanga.

Tsono mlamu wanga wophunzira za udokotala wandilanda mtendere. Akuti impso ya mwamuna ndi ya mkazi ukaziyang'ana n'zofanana. Iliyonse ili ndi tosefera pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ziwirizo zimasefa madzi a m'magazi okwana malita ngati 180 pa tsiku. Koma malangizo achibadwa amene ali m'maselo mwake sawerengedwa mofanana. Mkazi ali ndi makromozomu a X awiri, ife X mmodzi ndi ka Y kochepetsetsa. Thupi la mkazi limagoneka X mmodzi, komabe malangizo ena a pa X wogonayo amagwirabe ntchito. Mahomoni aamuna ndi aakazi nawonso amayatsa malangizo ena n'kuzimitsa ena.

"Alamu," anatero, "zili ngati msika wathu uno. Tomato ndi yemweyo, koma mukangowoloka msewu wa M1 kulowa ku Mozambique, malamulo asintha."

Ndinafunsa, chifuwa chili patsogolo, kuti yolimba ndi ya ndani. Akuti matenda a impso a mgonagona amapezeka kwambiri mwa amayi, koma akagwira bambo amathamanga, impso n'kufulumira kusiyiratu ntchito. Mahomoni omwewo otipatsa ndevu ndi mawu a besi, akatswiri amawakayikira kuti ndi amene amatipereka. Ndevu zanga n'zowerengeka, ndiye ndinapempha kuti mlandu wanga auchepetseko. Anakana.

Chinandithyola mawondo ndi ichi: m'mayiko ambiri, opereka impso kwa abale awo ambiri ndi amayi, olandira ambiri ndi abambo. Madzulo ake ndinatunga madzi, ndinawaza nkhuni, mpaka kutsuka poto wa nsima.

Mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a mwana, mwalakwa chiyani?"

Nditafotokoza, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Yanga ndikusungira ana anga. Zanuzo munazikwatitsa kale kwa kachasu ndi mchere wa pachiwaya."

Kunena zoona, tchipisi changa ndimachithira mchere mpaka chiyere, ndipo msana ukangoti tsweee ndimameza mapilisi a ululu a pagolosale osawerenga n'komwe. Kuchipatala ndimapita pokhapokha ndikaperekeze wina.

Amuna anzanga, impso imadwala mwakachetechete, ndipo adani ake aakulu ndi BP ndi shuga. Impso zikalephera, makina osefa magazi muyenera kukawapeza ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre, kangapo pa sabata, osati pa Lizulu pano. Chepetsani mchere, kayezetseni BP ndi shuga, ndipo potowo muzitsukabe ngakhale impso atakukanizani.