Chenjerani ndi agalu

Pa geti la nyumba imene ndimachita lendi ku Chilomoni pali chikwangwani cha lata chimene ndinalembetsa ndi ndalama zanga. Mawu ake ndi ofiira, akuluakulu: CHENJERANI NDI AGALU. Kuseri kwa getilo kuli galu mmodzi. Dzina lake ndi Denja, ndipo ngozi yokhayo imene angakuchititseni ndi yoti mupunthwe pa iye atagona pakhomo.

Kwa zaka zitatu chikwangwanichi sichinandisowetse mtendere. Mlendo akafunsa kuti agalu enawo ali kuti, ndinkayankha kuti "a" ameneyo ndi waulemu, monga timanenera kuti agogo, amfumu, abusa. Munthu amene amagona usana wonse, n'kudzuka pokhapokha mbale ikalira, ameneyo ndi bwana, ndipo bwana satchulidwa dzina lopanda "a".

Zinthu zinasintha usiku wina mwezi wa June, chiperoni chitatikulunga tonse m'mabulangete. Kutacha tinapeza kuti kwabwera alendo osagogoda. Anatenga ndowa ziwiri, nsapato zanga za kutchalitchi zimene ndinaziiwala pakhonde, beseni la mayi a Chisomo, mbale ya Denja, ndi unyolo wake umene unkakhala pa mtengo wa papaya. Denjayo anamusiya. Ndinaima pabwalo ndi chitenje cha akazi anga m'chiuno, n'kumaganiza kuti akubawo anayang'ana unyolo, anayang'ana galu, anawerengera mitengo yake pamsika, n'kusankha unyolo. Mwini wake anali chigonere pakhomo, ndipo atandiona anagwedeza mchira kawiri osadzutsa mutu.

Madzulo a tsiku lomwelo, nsima ili pakati, ndinatsokomola monga amachitira munthu amene ali ndi mfundo.

"Mayi a Chisomo, ndaganiza mofatsa. Tipeze galu wachiwiri."

Iwo anapitiriza kutema nsima. "Woti azilondera woyambayu?"

Ndinawafotokozera kuti galu ndi nyama yokonda gulu, kuti Denja wafooka chifukwa chosungulumwa, kuti akapeza mnzake adzayamba kuchita manyazi n'kumauwa. Ndinamaliza ndi mwambi, poti mwamuna akaona kuti mfundo zikumuthera amathawira kwa makolo: chala chimodzi sichiswa nsabwe.

"Zoona, bambo a Chisomo," anatero. "Koma chala chachiwiricho chizidya chiyani?"

Apa ndiye panagona nkhani. Inu amene simuweta galu mumaganiza kuti galu amadya zotsala. Zotsala ziti? M'nyumba mwanga mkute sufika ngakhale tambala woyamba. Chisomo ndi mchimwene wake amaugawana usiku womwewo ngati chuma cha masiye. Denja ndimamuphikira madeya, n'kuwazamo fumbi la bonya lija limatsalira pansi pa thumba kumsika. Kale madeya unkawasiya kuchigayo osacheuka. Masiku ano madeya ali ndi ulemu wawo: owetera nkhumba akuwafuna, a nkhuku akuwafuna, ophika kachasu akuwafuna, ndipo miyezi ya njala ikafika pali mabanja amene amawabwezera m'chigayo kuti apeze ufa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ine ndi Denja takhala tikuyang'anizana pa thumba limodzi, aliyense akudziwa mumtima kuti zinthu zikathina winayo ndi mpikisano.

Ana, monga mwa nthawi zonse, anali mbali yanga, ndipo zimenezi zinayenera kundichenjeza. Chisomo akufuna kagalu koyera kaubweya, kaja amakaona kakusuzumira pawindo la galimoto ku Namiwawa. Mchimwene wake akufuna chigalu chachikulu chofika m'chiuno choti anzake a mpira azimuopa. Onse awiri analumbira kuti azikasambitsa, azikachotsa nkhupakupa, azikolopa pamene kaipitsa. Malumbiro omwewa ndinawamva zaka zitatu zapitazo, ndi mawu omwewa, ndipo kuchokera sabata yachiwiri amene amakhala chonyonyomala Loweruka lililonse kuzula nkhupakupa m'makutu mwa Denja ndine, bambo wa nyumba, munthu wokhala ndi satifiketi ya Fomu 4.

Apongozi anali atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaonana ndi adokotala a maso, ndipo anamvetsera zonsezi ali pamphasa, osalankhula. Nditawafunsa maganizo awo, anayankha moyang'ana kumbali monga mwa mwambo.

"Kwathu galu amagwira ntchito. Amapita kuuzimba, amathamangitsa anyani m'munda, amagona pansi pa nkhokwe. Uyu wanuyu amalembedwa kuti?"

Kenaka anadandaula za dzina. Denja ndi chiyani? Kumudzi dzina la galu ndi kalata yopita kwa anansi. Ukakhala ndi mnansi wamiseche, galu umamutcha Adzanena, ndipo madzulo aliwonse umaima pabwalo n'kukuwa dzinalo mokweza, uthenga n'kufika popanda mlandu kwa amfumu. Ndinafunsa kuti nanga wachiwiriyu tidzamutche ndani.

"Katapila," anatero apongozi, n'kubwerera ku mtedza umene ankasenda.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine Loweruka lotsatira ndinapezeka nditaima m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, pamaso pa mnyamata amene ananyamula kagalu m'mwamba ndi dzanja limodzi ngati akugulitsa kabichi.

"Bwana, jemani uyu. Orijino. Bambo ake ndi a polisi."

Kagaluko kanali kofiirira, mimba yotupa ndi njoka, maso odzaza manthongo, ndipo kanandiyang'ana ngati kakundidziwa. Ndinafunsa chifukwa chimene makutu ake anali ogwa. Mnyamatayo anati adzaima kakakwana miyezi isanu ndi umodzi. Mtima unagunda, chifukwa mawu amenewa ndinawamvapo. Denja nayenso ndinamugula pamsewu ngati jemani, bambo akenso anali a polisi, ndipo makutu ake ndikuwadikirabe mpaka lero. Anakula n'kukhala galu wathu yemwe uja wa m'makwalala onse a Malawi: wofiirira, wamchira wopindika, wa nkhope ya munthu amene anakhululukira dziko kalekale. Ndinabweza dzanja m'thumba. Musanditame, munalibe kanthu m'thumbamo.

Pobwerera pa minibasi ndinayamba masamu ena. Wachiwiriyu akhale wamwamuna kapena wamkazi? Akakhala wamwamuna, atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo ine ndidzakhala woweruza milandu ya mbale m'mawa ndi madzulo. Akakhala wamkazi, galu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63 okha, ndipo nyengo yake imabwera kawiri pachaka. Nyengoyo ikafika, agalu onse aamuna kuyambira ku Chirimba mpaka ku Zingwangwa adzasonkhana pageti langa ngati pamaliro a munthu wotchuka, chikwangwani changa n'kukhala choona mopitirira muyeso. Pakatha miyezi iwiri ndidzakhala ndi tiagalu tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, ndipo amene adzaime m'mbali mwa msewu n'kumauza anthu kuti bambo ake ndi a polisi ndine. Njira ilipo, inde: a zanyama amafula agalu aamuna ndi kutseka aakazi, ndipo amati galu wofulidwa sayendayenda. Koma nditangotchula mawu oti kufula pamaso pa Denja, ndinapezeka kuti ine mwini ndapingasa miyendo.

Alandilodi nawo anamva, poti ku Chilomoni nkhani imayenda msanga kuposa kabaza. Anandiimitsa pampopi n'kundiuza mwaulemu kuti lendi imene ndimapereka, nthawi imene ndimapereka, ndi ya anthu anayi. Galu mmodziyo iwo amangomuyang'ana ndi diso la chikhristu.

Ndinali ndisanagonje pamene linafika tsiku la katemera wa chiwewe. Pa nkhani iyi yokha ndilekeni ndisaseke. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, palibe mankhwala; amene walumidwa ayenera kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione mawa. A Mission Rabies anayamba kubaya agalu mu Blantyre mu 2015, ndipo chaka chimenecho anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, matendawa amasowa podutsa. Katemerayo ndi waulere, ndipo mawu oti ulere ine sandidutsa.

Vuto linali loti m'mawa umenewo Denja sanali pakhomo. Ndinaimba mluzu, ndinagogoda chivundikiro cha poto chimene chinalowa m'malo mwa mbale yobedwa ija, koma zii. Ndinapita ndekha kubwalo la sukulu ndi chingwe chopanda galu, poganiza kuti ndikafunse a zanyamawo mtundu wa galu woyenera munthu wa msinkhu wanga.

Mzere unali wautali: ana atanyamula tiagalu m'mabeseni, m'makatoni, ena kumsana ngati makanda, agalu akuluakulu omangidwa ndi mawaya, malamba a mathalauza, nsanza za zitenje. Aliyense akabayidwa ankamupaka penti pamphumi kuti asabwerezedwe. Ndipo kutsogolo kwenikweni, atakhala mwaulemu pafupi ndi kamtsikana ka zaka ngati khumi, anali Denja. Wosamba. Mkanda wa buluu m'khosi.

"Dzina la galu?" anafunsa wolemba.

"Adzanena," kanatero kamtsikanako, n'kupereka khadi la chaka chatha. Chaka chatha ine ndinaiwala za katemera.

Ndinayandikira n'kunena, ndi mawu a munthu amene akudziwa malamulo, kuti pali kusamvetsetsana, galuyo ndi wanga. Kamtsikanako kanandiyang'ana ngati ndine wakuba nsapato uja, n'kuthamanga kukaitana agogo ake, mayi wamasiye amene amakhala kuseri kwa mpanda wathu, mbali imene kuli dzenje limene ndakhala ndikunena kuti ndidzatseka. Mayiwo anafika akupukuta manja.

"Pepani bambo, mwina mwafanizira. Uyu ndi Adzanena wathu. Amafika nthawi ya nkhani za 8 koloko usiku, amachoka kukamacha. Chaka chino n'chachiwiri. Kuuwa kwake inu! Ife wakuba sitimudziwa."

Ndinafunsa kuti amadya chiyani. Anati nsima ya mgaiwa ndi msuzi wa mang'ina, poti iwo amaphika mang'ina ogulitsa, ndipo mafupa onse ndi ake.

Tsono zonse zinagwa m'malo mwake ngati makobidi m'chitini cha banki m'khonde. Usiku wa akuba uja Denja anali ali ku ntchito. Kugona kwa usana konse kuja ndi kwa munthu wochokera ku naiti. Kunenepa kuja, kumene ndinkadzitama nako pa bawo kuti ine ndimadziwa kaphikidwe ka madeya, kunali kwa mang'ina a eni ake. Kwanga kuno ndi ku resitihausi.

Ndisanapeze choyankha, kunadutsa mkulu wina wokazinga tchipisi pa chiwaya cha pasiteji, atakoka galu wake wakuda. Ataona Denja anasekerera.

"Aa, Kasitomala! Wabwera kudzabayitsa?"

Ndipo galu wanga, jemani wanga, mwana wa apolisi, anaimirira n'kugwedeza thupi lonse kuyambira mphuno mpaka mchira, moni amene ine sindinalandirepo chimugulireni. Kumeneko, ndinamva, amapezekako kuyambira 5 koloko madzulo, nthawi imene ine ndimaganiza kuti wapita kukadzithandiza kuseri.

Wolemba uja anafunsa kuti alembe dzina liti ndi mwini uti, chifukwa mzere ukudikira. Tinayang'anana atatu. Denja anabayidwa, anapakidwa penti yake pamphumi, ndipo pochoka pabwalopo anatsatira kamtsikana kaja, ngakhale kuti nthawi inali 10 koloko m'mawa, imene mwa chilungamo ndi shifiti yanga.

Ndinafika kunyumba ndi chingwe changa chopanda galu, n'kufotokoza zonse. Ana anakhumudwa. Apongozi anafunsanso dzina limene mayi aja anapatsa galuyo, ndipo atalimva anagwedeza mutu mokhutira, n'kunena kuti kuseriko kumakhala munthu wolongosoka. Sanafotokoze kuti uthenga wa dzinalo ukupita kwa mnansi uti, ndipo ine sindinafunse. Mayi a Chisomo anaseka mpaka kukhala pansi pa khonde, kenaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye mumafuna wachiwiri, bambo a Chisomo? Yambani mwapeza woyambayu."

Ndawerengera bwinobwino. Pa maola 24, Denja amakhala kwanga pafupifupi khumi ndi limodzi, onse ali mtulo. Nkhupakupa zake zonse ndi zanga. Kuuwa kwake ndi kwa mayi a kuseri, chimwemwe chake ndi cha a chiwaya. Nditawerengera chonchi, nkhani ya galu wachiwiri ndinaitseka ndekha, popanda kukakamizidwa, ngakhale mayi a Chisomo akuuza anzawo kuti anaitseka ndi iwo. Chimene chinanditonthoza n'chakuti chikwangwani changa sichinanamepo: Denja, Adzanena ndi Kasitomala ndi agalu atatu.

Dzulo mayi a kuseri atuma kamtsikana kaja kudzapempha chikwangwanicho. Akuti ndi bwino chikakhomedwe kumene agaluwo amagwira ntchito. Ndawauza kuti abwere Loweruka ndi hamala yawo, chifukwa yanga inapita usiku womwe uja pamodzi ndi ndowa.