Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolo suuluka

Makolo atati pang'onopang'ono ndi mtolo ankanena za nkhuni. Lero mwambiwu wafika mpaka kwa ogulitsa ndege.

Kunja kuno kuli makampani ogulitsa ndege m'zidutswa kuti munthu azimange yekha pakhomo pake. Van's Aircraft ili ku Oregon, ku America. Sling Aircraft ili pafupi pompa, ku Johannesburg. Ukalipira, bokosi limabwera. Ukapuma n'kupezanso kangachepe, lina limabwera. Ambiri amayamba ndi mchira poti ndiwo wotsika mtengo. Ndiye taganizani bambo wogwira ntchito kumgodi wa malasha ku Moatize akuuza akazi awo kuti: "Amake mwana, ndalama za chipereganyu zija ndagulira mchira." Mayiwo akoleza moto msanga, kuyesa ndi mchira wa ng'ombe.

Kwathu kuno mwambiwu ndiwo umamanga nyumba. Mwezi uno matumba awiri a simenti, mwezi wamawa malata, chipinda chimodzi chikafoleredwa banja lilowa n'kumagona. Nyumba yosatha imagoneka. Ndege yosatha amapindula nayo ndi nkhuku zokha, poti zapeza poikira mazira.

Ndipo mtolo umenewu ukamaunyamula umanka nulemera. Malipiro abwera mumametikali, bokosi alitchaja mumadola. Injini, kaya ndi Rotax ya ku Austria, ili ndi mtengo wakewake. Pali ndalama zonyamulira, pali msonkho, pali sukulu yophunzira kuwulutsa, ndipo a IACM, oyang'anira zandege m'dziko la Mozambique, ayenera kuiona kaye isanachoke pansi. Mu Disembala 2023 kampani ya Van's yomweyo inathawira kukhoti chifukwa cha mavuto azachuma, ndipo ambiri amene anali atapereka kale chikole anapemphedwa kuvomera mitengo yokwera. Ngakhale mgodi wodalirawo sukhala chimodzimodzi: kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, pofika 2022 inali itagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan. Mgodi usintha eni, bambo aja akadali pamchira.

Tiyerekeze kuti ndege ija yatha. Mwanyamuka pa bwalo la ndege la Chingodzi, ulendo wa ku Zóbuè, makilomita pafupifupi 100. Mukatera pati? Pamwamba pa mathiraki odikira kuwolokera ku Mwanza? Amene anakwera minibasi ya chapa pamsewu wa EN7 adzakhala atadinditsa kale pasipoti, akudya chimanga chowotcha, inu mukuzungulira phiri ngati kamtema.

Sindikuletsa munthu kulota, poti ena kunjako amazimangadi ndipo zimauluka. Koma inu achimwene a ku Moatize, ngati mtima wakana kumva, mchira usiyeni, yambani ndi mipando. Ndalama zikathera panjira, alendo adzapeza pokhala.