Kompyuta Ikakana Kudzuka: Njira Zachidule Zotayira Mafayilo Anu Onse

Lolemba m'mawa mu Blantyre mumakhala magulu awiri a anthu osweka mtima. Gulu loyamba ndi la amene akadali pa siteji ku Ndirande kapena ku Bangwe, kulimbirana minibasi. Lachiwiri ndi la amene afika kale mu ofesi mu Victoria Avenue, adina batani la kompyuta, koma m'malo moona chithunzi cha ana awo aona sikirini yakuda bii, ndi timalemba toyera tonena kuti "You are in emergency mode". Malangizo awa ndi a gulu lachiwirili. Mukawatsata osaphonya, vuto lotha pa mphindi 10 lidzakudyerani sabata yathunthu, ndalama ya lendi, ndi mafayilo onse a abwana.

Tiyambe ndi zochitika m'katimo, kuti mudziwe bwino chimene mukuchinyalanyaza. Hadi disiki imagawidwa m'zigawo zomwe akatswiri amazitcha ma partition. Chigawo china chimasunga Linux kapena Windows, china mafayilo a ntchito, china nyimbo za kwaya ndi zithunzi za pachinkhoswe. Kompyuta ya Linux ikamayaka imawerenga kaundula wotchedwa /etc/fstab, momwe mwalembedwa zigawo zonse zoyenera kulumikizidwa. Ikaitana chigawo china koma osayankhidwa, imadikira masekondi 90, kenako imanyanyala. Khalidwe lake ndi la minibasi ya ku Limbe: mpando umodzi ukakhala wopanda munthu siinyamuka, ngakhale ena nonse muchedwe kuntchito.

Langizo loyamba: musawerenge zomwe zalembedwa pa sikirini. Kompyuta, mwa kupusa kwake, imatchula dzina la chigawo chomwe chakana, ndipo imakuuzaninso kuti mulembe journalctl -xb kuti muone pomwe zinthu zasokonekera. Kuwerenga zoterozo ndi ntchito ya ana a sukulu a ku MUBAS. Inu ndinu munthu wamkulu. Dinani batani mwamphamvu mpaka izime, muiyatsenso, muizimitsenso, mpaka chala chitope. Kuzimitsa mokakamiza kulikonse ndi mwayi wina wowononga zomwe zinali zabwinobwino pa disikipo, ndipo mwayi sautaya.

Langizo lachiwiri: pezani munthu womuloza chala. Mesenjala alipo, mayi wosesa alipo, ndipo ngati mu ofesi muli wina amene akusirira mpando wanu, nkhani yatha, mwalodzedwa. Musayerekeze kufunsa kuti kodi disiki yapadera ija, yomwe imakhala yolumikiza kumbuyo kwa kompyuta, ili kuti. Mungadzapeze kuti akauntanti anaitenga Lachisanu kukamalizira ntchito kwawo ku Chilomoni, ndipo kompyuta ikungodikira chinthu chomwe chili pa tebulo la eni ake. Musadziwenso kuti mayina monga /dev/sda ndi /dev/sdb amatha kusinthana: kungosiya fulashi pa kompyuta poyatsa, disiki yomwe dzulo inali sdb lero ikhoza kukhala sdc. Anthu opanda chidwi ndi masewera amalemba blkid, n'kupeza nambala yaitali yotchedwa UUID yomwe siisintha chisawawa, n'kuiika m'kaundula muja m'malo mwa dzina. Ena amaonjezera mawu akuti nofail pa mzere wa disiki yochotsachotsa, kuti ikasowa kompyuta izingopitiriza ulendo. Zilembo 6 zokha, mlandu wa ufiti wathera pomwepo. Ndiye mu ofesi muzikambirana chiyani pa nthawi ya tiyi?

Langizo lachitatu likukhudza magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. Makompyuta a mumzinda uno anaphunzira kugona mwadzidzidzi, pakati pa chiganizo. Magetsi akazima kompyuta ili mkati molemba pa disiki, zolembazo zimatsala theka. Nthawi zambiri ext4, dongosolo lomwe Linux imasungira mafayilo, imadzikonza yokha poyaka, koma nthawi zina imafuna kuti munthu ayendetse fsck ndi manja. Apa mpomwe luso lanu lionekere. Akatswiri amachenjeza kuti fsck siyendetsedwa pa chigawo chomwe chikugwira ntchito; amati muyambe mwachimasula, kapena muyatse kompyuta kudzera pa fulashi yokhala ndi Linux ya Ubuntu. Inu musamvere. Ikakuchenjezani, vomerani. Ikafunsa mafunso, dinani y osayang'ana. Za UPS musadandaule nazo: ija ili pansi pa desiki, yomwe batire lake linafa kalekale, ikugwirabe ntchito yofunika yopondapo mapazi.

Pali kabatire kena kozungulira, CR2032, kamene kamasunga nthawi m'kati mwa kompyuta. M'makompyuta ambiri a kaunjika kamafika kuno katatopa kale. Kakafa, wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo makompyuta ena akale amadandaula kuti disiki inalumikizidwa komaliza pa tsiku lomwe silinafike. Kabatireko kamapezeka ngakhale kwa okonza mawotchi, koma musathamange. Kompyuta yodziwa za m'tsogolo si chinthu chokonza, n'chinthu chotsegulira tchalitchi.

Langizo lachinayi ndi la amene ali ndi Windows ndi Linux pa laputopu imodzi. Kuchokera pa Windows 8 mu 2012, Microsoft inaika chinthu chotchedwa Fast Startup. Mukauza Windows kuti izime, siizimiratu. Imagona diso limodzi lili chotsegula, itagwirabe chigawo chake cha NTFS. Linux ikafika n'kupeza zili choncho, imakana kuchilumikiza, kapena imalola kuti muzingowerenga osalembapo kanthu. Imachita dala pofuna kuteteza mafayilo anu. Mankhwala ake ndi ochititsa manyazi chifukwa cha kuphweka: lowaninso mu Windows, zimitsani Fast Startup mu Power Options, ndipo ngati pali chokayikitsa yendetsani chkdsk. Munthu wa ulemu wake sangachite zophweka chotero. Funsani mlamu wanu wa ku Machinjiri, uja anakonzapo dikoda, akupatseni lamulo lokakamiza lomwe iyenso salidziwa tanthauzo lake.

Langizo lachisanu: sinthani kaundula wa fstab molimba mtima. Musakopere wakaleyo pambali. Amachita zimenezo ndi amantha. Mukapeza kuti kompyuta ikukana kusunga zomwe mwasintha, musaganize kuti yangodzitsekera kuti isalembedwe, vuto lomwe limathetsedwa ndi lamulo la mount -o remount,rw /. Nenani kuti kiyibodi yafa, mukagule ina. Mzere wovutawo musauikire chizindikiro cha # kutsogolo kuti kompyuta iudumphe kaye. Fufutani mizere itatu nthawi imodzi kuti muone chomwe chichitike. Koposa zonse, musalembe mount -a kuti muyese ngati zonse zili bwino musanazimitse. Nthawi yabwino yochitira zonsezi ndi Lachisanu 4:30 madzulo, pa kompyuta yomwe imasunga malipiro a antchito, kenako n'kuzimitsa foni.

Langizo lachisanu ndi chimodzi: ikani kompyuta m'jumbo, mukwere nayo kabaza, mupite kwa wokonza. Pano muyenera kusankha mosamala. Okonza abwino alipo ambiri m'tauni muno ndi ku Limbe komwe, ndipo mudzawazindikira ndi mafunso awo otopetsa: "Bwana, pa sikirini panalembedwa chiyani? Mafayilo anuwa muli nawo kwina?" Oterowo athaweni. Funani uja amene asanatsegule n'komwe jumbo wanena kale kuti, "Apa achimwene ndi vayirasi, tingofomata." Kufomata kumachiritsadi. Chigawo chomwe chimakana chija sichidzakananso, chifukwa sichidzakhalaponso, pamodzi ndi malisiti a zaka 7 omwe a MRA adzawafune mwezi wamawa.

Nthawi zina disiki imakhala ikufadi. Imalira kuti tiki tiki, imachedwa, lero yaoneka mawa yasowa. Madisiki ali ndi njira yodziyeza okha yotchedwa SMART, ndipo lamulo la smartctl limaonetsa ngati malo owonongeka akuchuluka. Wanzeru akaona zimenezi amasiya zokonza, n'kuyamba wakopera zonse pa disiki ina, mwina pogwiritsa ntchito ddrescue, chifukwa ola lililonse lomwe disiki yodwala ikuzungulira likhoza kukhala lomaliza. Inu imenyeni kambama m'mbali. Ngati siikumva, iikeni padzuwa. Ena amati muikwirire mumpunga. Kilombero ndiye amanunkhira bwino.

Langizo lomaliza ndi lomwe limapatsa ena onse mphamvu: musasunge mafayilo anu malo awiri. Munthu amene ali ndi kope pa disiki ina, kapena pa intaneti, uthenga wa pa sikirini yakuda sumuopsa. Amawerenga, amakonza mzere umodzi, amamwa tiyi wake akadali wotentha, ndipo madzulo alibe nkhani yokamba mu minibasi. Moyo wotani umenewo? Inu sungani zonse pamalo amodzi, dzina la fayilo likhale "zofunika kwambiri osafufuta", ndipo muzikhulupirira kuti zoipa zimagwera a ofesi yoyandikana nanu. Abwana akadzafunsa za malipoti a chaka chatha, yankho lilipo kale, ndipo mumzinda muno palibe amene anachotsedwapo ntchito chifukwa cholinena: "Bwana, sisitimu ili dauni."